Mkamwini Tinamupeza pa Mlatho wa Luangwa

Pa zaka makumi awiri ndi zinayi zimene ndinagwira udalaivala kwa a Ramani, mmwenye wa sitolo ya nsalu ku Kamwala mu Lusaka, ndinaononga galimoto mwadala kamodzi kokha. Ndikuulula lero chifukwa onse amene akanandichotsa ntchito anatsogola kale.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, nkhondo ya ku Rhodesia ili mkati, sopo ndi mafuta ophikira tikuzipeza pamzere, mlatho uliwonse uli ndi asilikali ake. Ine ndinkakhala ku Kabwata ndi mkazi wanga ndi ana anayi. A Ramani anali atangosamuka kuchoka kuseri kwa sitolo kupita ku Kabulonga, kumene nthawi ya atsamunda mmwenye ankangofikako kukatula katundu. M'nyumbamo munali iwo, akazi awo, mwana wawo mmodzi yekha dzina lake Mina, ndi amayi awo a a Ramani, nkhalamba yamasiye imene inkavala sari yoyera chaka chonse. M'chilankhulo chawo gogo amamutchula kuti Ba. Koma ife a mu Lusaka sititchula munthu wamkulu osayamba ndi ba, choncho antchito tonse tinkawaitana kuti ba Ba, ngati nkhosa zikulira.

Ba Ba anakhala ku Katete zaka makumi anayi akugulitsa mchere ndi makasu, ndipo Chichewa chawo chinali chakumudzi kuposa changa. Mina anali wa m'tauni. Anaphunzira sayansi ku yunivesite, ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, ankavala thalauza ndi magalasi, tsitsi atadula lolekeza m'khosi. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu wosakwatiwa. Kwa ba Ba amenewo anali matenda ofunika mankhwala msanga.

Mankhwalawo anawapeza ku Chipata. Kwa iwo sikunali kokwanira kuti mnyamata ndi mmwenye. Anayenera kukhala wa chipembedzo chawo, wa chilankhulo chawo, wa fuko lawo, komanso makolo ake ochokera m'midzi ina yake ya ku India imene Mina anali asanaione ngakhale pa mapu. Makalata anayenda miyezi ingapo, ndipo ba Ba ankatiwerengera kukhitchini. Mnyamatayo dzina lake Dineshi, mwana wa a Natu a sitolo ya zitsulo za galimoto. Sasuta, samwa, chibadwire sanalawepo nyama kapena nsomba kapena dzira, ndipo m'mawa uliwonse amapemphera ola lathunthu. Wansembe wawo anayang'ana nyenyezi nanena kuti awiriwo aonane dzuwa la Lachinayi lisanalowe. Likangolowa, pakubwera miyezi inayi imene nkhani za ukwati sizikambidwa.

Lachiwiri madzulo ndikutsuka galimoto, Mina anabwera kudzaima pafupi ngati akuona matayala.

“Ba Phiri, mailo motoka ife pa Chongwe.”

“Ife bwanji mawa, ba Mina? Ndaikonza dzulo, ili bwinobwino.”

“Ndiye vuto yake iyo. Nifuna ife pang'ono chabe, tibwelele ku nyumba. Chinayi chikapita, nizapuma four months. Nipapata, ba Phiri.”

Ngakhale anachonderera choncho, ndinakana kawiri. Kachitatu ndinakumbukira kuti mwana ameneyu ndinkamupereka kusukulu ali wamng'ono, ndiponso kuti chaka chimene mwana wanga anadwala chifuwa mankhwala atasowa m'zipatala, ndi iye anayenda Lusaka yense mpaka kuwapeza. Ndinavomera ndi mutu, pakamwa ndinaopa kuchimwa.

Lachitatu tinanyamuka kukucha, kukuzizira kwa mwezi wa Juni. A Ramani anatsala chifukwa cha sitolo, ndipo ba Ba anati kuona mkamwini ndi ntchito ya maso okalamba. Tisanatuluke pageti ba Ba anaika ndimu pansi pa tayala lililonse kuti ndiponde, nadontheza utoto wofiira pa boneti. Kumbuyo tinalonga masutikesi, mabokosi asanu a maswiti opita kwa apongozi, mbale zosanjikiza za chakudya chawo, ndi mtsuko wamkuwa wa madzi a kunyumba, poti ba Ba sankamwa madzi otungidwa ndi munthu wachilendo. Mina anakhala kutsogolo ndi thalauza lake. Anagwirizana kuti sari akavalira ku Katete.

Tinadutsa Chelstone anthu a m'boma ali chiimire m'mbali mwa msewu kudikira basi, manja m'khwapa. Pa Chongwe ndinaima, ndinati ndione madzi. Ndinatsekula boneti, n'kuzula waya wapakati wopita ku koyilo, n'kuusiya ukuoneka ngati uli m'malo. Nditabwerera ndinapotokola kiyi. Injini inangotsokomola. Ndinapotokolanso, n'kupukusa mutu monga munthu wachisoni.

“Mayo, yafa!” anatero Mina, mofulumira kwambiri kuposa mmene tinayenera.

“Imeneyi ndi yofunika makaniko wa ku Lusaka,” ndinatero ine.

Chitseko chakumbuyo chinatsekuka. Ba Ba anatsika pang'onopang'ono, anakokera sari kumutu, n'kubwera kudzasuzumira mu injini. Sanatenge ndi mphindi imodzi yomwe. Anagwira waya uja ndi zala ziwiri, kuukankhira m'malo mwake, kupukuta zala pa malaya anga.

“Kalize.”

Inalira ngati yatsopano.

“Ine ndi malemu amuna anga tinayenda msewu uno ndi lole yopukusa ndi chitsulo, iwe usanabadwe,” anatero atakhala pampando. “Koma waya wanzeru chonchi sindinamuonepo. Wadzizula yekha, n'kudzikhazikanso bwinobwino kuti asaoneke. Tiye, Yohane.”

Tinapitiriza ulendo wa ku Rufunsa. Ine ndinkangowerenga m'mutu mayina a ana anga, n'kumaganiza kuti ndikawauza chiyani.

Ku Rufunsa tinapeza migolo pamsewu ndi asilikali anayi. Anafuna zitupa, anatitsitsa katundu yense. Mmodzi, wamtali wa maso ofiira, anatsekula mbale za ba Ba n'kuyamba kuvundula ndi chala, ati mwina muli zipolopolo. Anatola chapati chimodzi, kuchinunkhiza, kuchibwezera.

“Tenga zonse, mwanangu,” anatero ba Ba mokoma. “Mwatopa ndi kutilondera. Ndiwo zake ndi izi zobiriwirazi, muzitapa zambiri.”

Msilikali anathokoza kwambiri. Sanadziwe kuti chakudya chogwidwa ndi dzanja lachilendo ba Ba sakanachidyanso, ndiponso kuti zobiriwirazo zinali tsabola wosinja yekhayekha amene ngakhale a Ramani ankamuopa. Tikuchoka ndinayang'ana pagalasi. Wamtali uja anali atatsamira mfuti pamgolo akudzikupiza pakamwa ndi chipewa, anzake akulimbirana botolo la madzi. Mina anaseka mpaka magalasi anagwa. Ba Ba sanaseke. Anangoti lero ndi tsiku losala kudya, ndipo mbatata zootcha zimene tinagula patsogolo anazikana.

Tsoka lenileni linatipeza m'mapiri a Manenekela, kumene msewu umapindika ngati njoka yomenyedwa. Tili pakati pa chitunda ndinamva phwa! Kenaka nthunzi inatuluka pa boneti. Lamba wa fani anali ataduka pakati.

Mina anandiyandikira n'kunong'ona, “Ba Phiri, apa mwachita bwino maningi.”

“Si ine, ba Mina!”

“Wanzeru wina?” anafunsa ba Ba ali kumbuyo.

Ndinalumbira pa manda a atate anga, ndinalumbira pa Baibulo. Onse awiri anangondiyang'ana, wina mothokoza, wina momvera chisoni. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti ukanama m'mawa, choona cha masana chilibe mboni.

Lamba wapadera ndinalibe, poti m'masitolo a Lusaka anali atasowa miyezi. Tinakhala pamenepo maola atatu. Inadutsa basi yopita ku Malawi itadzaza mpaka padenga, osaima. Anadutsa malole awiri, madalaivala n'kuima, koma malamba awo anali aakulu oti n'kumangira ng'ombe. Ntchentche za m'tchire zinatipeza. Madzi onse amene ndinali nawo ndinathira mu rediyeta koma sanakwane. Ba Ba anayang'ana mtsuko wawo wamkuwa nthawi yaitali, kenaka anandipatsa.

Atatero anatsekula sutikesi, n'kutulutsa sari yawo ina yoyera. Analuma m'mphepete, kung'amba mizere itatu yaitali, kupanira nsonga ndi chala cha kuphazi, n'kuyamba kuluka ngati tsitsi la mwana.

“Ba, iyo ni sari yanu ya ku tempele,” anatero Mina.

“Mulungu akundidziwa ngakhale nditavala thumba. Yohane, manga apa, ukoke kwambiri. Usathamange, ndipo nyale usayatse.”

Ndinamanga. Inagwira. Tinayenda ngati maliro, chingwe chikaduka ba Ba n'kulukanso china. Pofika pa mlatho wa Luangwa, theka la sari linali litathera mu injini, ndipo asilikali anali atangotsitsa mtengo wotsekera. Ndinapita kukachonderera. Wamkulu wawo anati ngakhale nditanyamula bishopu, mlatho atsekula sikisi koloko m'mawa.

Pamlathopo pali kamsika ka nsomba zouma ndi madengu. Ndinaimika galimoto pansi pa mtengo, pakati pa malole. Dzuwa linali lisanalowe kwenikweni. Ba Ba milomo inali itauma, chichokere m'mawa osamwa kanthu. Ndinagula tiyi kwa mayi wina m'kapu yanga ya chitsulo, ndipo ndikuti ndimwe ndinaona maso awo ali pakapupo. Ku Kabulonga kapu imeneyi inkakolekedwa pa msomali kunja kwa khitchini, sinkaloledwa kukhudzana ndi ziwiya za m'nyumba. Ndinawapatsira mwamantha. Analandira, anapendeketsa mutu, n'kuthira tiyi m'kamwa kuchokera m'mwamba, kapu osakhudza mlomo.

“Wa shuga wambiri,” anatero. “Ukakauza munthu, ndidzakana.”

Kenaka anagona pampando wakumbuyo n'kudzifunditsa bulangete mpaka kumutu. Mina anapita kukafunsa lamba kwa madalaivala a malole. Ine ndinakhala pa bampala.

Sipanapite nthawi, kunabwera mnyamata wachimwenye akugubuduza tayala ndi dzanja limodzi. Anali ndi tsitsi lofika m'mapewa ndi thalauza lotambalala kumapazi. M'dzanja linalo anali ndi nsomba yokazinga pa nyuzipepala, akudya.

“Odi amdala, muli ndi pampu? Ndaoloka womaliza kuchokera ku Chipata, tayala n'kuphwa pompano.”

Chinyanja chake chinali cha kwathu kum'mawa chenicheni. Ndinatulutsa pampu, tinayamba kupopa mosinthana pafupi ndi zenera lakumbuyo, limene linali lotsekula.

“Ulendo wa ku Lusaka usiku uno?” ndinafunsa.

“Ndikuthawa, amdala.” Anaseka, n'kulavula munga. “Mawa kunyumba kukubwera alendo odzandiona ngati ng'ombe ya pamsika. Atate andipezera mkazi. Ndawauza kuti ndikukatenga katundu ku Lundazi.”

Dzanja langa linaima pa pampu. “Atate anu ndi ndani?”

“A Natu, a zitsulo za galimoto. Ine ndine Dineshi.”

Ndinatsokomola. Ndinatsokomolanso kwambiri, n'kuloza galimoto ndi chibwano. Iye anaganiza kuti ndatsamwa, anandimenya kumsana, n'kupitiriza.

“Ine mkazi ndili naye kale, Esinati, namwino, amakhala ku Chelstone. Loweruka tikukalembetsa kwa boma. Nanga ndikatani naye wa magalasi wa ku Kabulonga? Akuti wophunzira kwambiri, ukamupatsa moni amakuyankha ndi samu. Komanso akubwera ndi agogo ake. Amdala, nkhalamba imeneyo ku Katete amaikumbuka mpaka lero. Akuti njoka ikalowa m'sitolo sinkaimenya, inkangoikalipira mpaka njokayo kutuluka yokha.”

Bulangete linayamba kudzuka. Poyamba panatuluka nsalu yoyera, kenaka nkhope, pazenera pomwepo, mpata wa dzanja limodzi kuchokera pa khutu la mnyamatayo.

“Inali mbobo,” anatero ba Ba. “Ndipo sinabwerenso.”

Nsomba inagwa m'fumbi. Dineshi anayamba kulankhula chilankhulo chawo mothamanga, akuwerama kufuna kugwira mapazi amene anali m'kati mwa galimoto. Ba Ba anamudula.

“Lankhula Chinyanja, Yohane akhale mboni. Nsombayo inali yokoma?”

“Agogo, ine…”

“Atate ako analemba kuti ukaona dzira umatseka maso. Mtsikanayo wakhala naye nthawi yaitali bwanji?”

“Zaka zitatu.”

“Makolo ake akudziwa?”

“Akudziwa. Ndinapita kwawo ku Chadiza ndi ankhoswe.”

“Ako?”

Anayang'ana pansi. “Akadziwa Loweruka lisanafike, abwera kudzanditenga ndi amalume onse. Chonde agogo.”

Nthawi yomweyo Mina anafika, manja ali bii ndi girisi wa malamba amene ankayesa. Ndinamufotokozera mwachidule. Anayang'ana mnyamatayo, anayang'ana nsomba pansi, n'kukhala pa tayala lija kuseka mpaka misozi. Atatha anavula magalasi, kuwapukuta, n'kumufunsa kuti, “Manje iwe, samu yakulakwila chani?” Anagwirana chanza ngati anthu awiri amene apulumuka pa ngozi imodzi.

“Basi Ba, yasila nkhani,” anatero Mina. “Mailo tibwelela ku Lusaka.”

“Tikupita ku Chipata.”

“Kukachita chani? Mwamuna wake ni uyu, athawa!”

“Mdzukulu wanga sakanidwa pamsika wa nsomba. Akatikana iwo, mawa amwenye onse kuyambira ku Livingstone mpaka ku Ndola adzati mwana wa Ramani ali ndi chilema. Kukana kuchokere kwa ife.” Anatembenukira kwa Dineshi. “Iwe mwana wa wogulitsa zitsulo, usandiuze kuti ukuyenda wopanda lamba wa fani wapadera.”

Anali naye. Anathamanga kukamutenga, n'kumumanga yekha ndi manja ake. Anali wothina pang'ono koma anakwana.

“Pakamwa panga patsekedwa mpaka Loweruka,” anatero ba Ba. “Ukamete tsitsilo. Mwana wa eni ake asakwatiwe ndi chitsamba.”

Amayi awiriwo anagona m'galimoto, ine ndinakagona ndi madalaivala anzanga pafupi ndi moto. M'mawa Dineshi anali atapita kale. Asilikali anatsitsa aliyense kuti aoloke wapansi, galimoto ikubwera pambuyo, ndipo anatiletsa kuyang'ana m'madzi. Ba Ba anayenda pakati pa mlatho ngati ndi wawo, akuyang'ana kumene afuna.

Tinadutsa Kacholola. Ku Nyimba ba Ba anagula nthochi n'kudya zisanu motsatizana, kusala kunatha. Petulo tinamupeza pa mphambano ya Petauke titaima pamzere ola limodzi. Ku Katete Mina anakavala sari yobiriwira kuseri kwa sitolo ina, n'kutuluka akuyenda ngati wamangidwa miyendo. Nthawi ino sanadandaule. Anapempha ndi maluwa omwe oika m'tsitsi.

Tinalowa mu Chipata cha m'ma fili koloko. A Natu anatilandira pageti ndi akazi awo ndi abale odzaza khonde, onse akumwetulira ngati anthu amene nsapato zikuwathina. Ine anandikhazika pakhonde ndi tiyi. Chitseko chinali chotsekula, nkhope ndinkaziona, ndipo mawu ake Mina anandimasulira pambuyo pake.

A Natu anati mnyamata wapita ku Lundazi kukaona mnzake wodwala, afika posachedwa. Ba Ba anati mtima wachifundo chotero ndi wosowa masiku ano, awauze zambiri za iye. A Natu anayamba. Ba Ba ankadya, n'kumafunsa. Kodi amapemphera nthawi yanji? Kodi n'zoona sanalawepo nsomba, ngakhale kununkhiza? A Natu anati mwana wawo akadutsa pamsika wa nsomba amadwala mutu masiku awiri. Ba Ba anapempha kuti abwerezenso mawu amenewo, ati khutu lawo lina silimva bwino. Mina anakwirira nkhope mu sari, mapewa akugwedezeka, ndipo azimayi a m'nyumbamo anayamikira kuti mtsikanayo ndi wamanyazi.

Galimoto iliyonse ikadutsa pamsewu, a Natu ankadzuka kukasuzumira. Thukuta linali kutsika m'nyengo yozizira. Ba Ba anakhala maola atatu, maso ali pa phiri la kumadzulo. Dzuwa litangobisala, anapukuta m'manja n'kuimirira.

“Ife tafika pa tsiku lake, ndi mwana wathu. Nyenyezi zaona amene sanafike. Mdzukulu wanga sadikira mwamuna asanakwatiwe n'komwe. Takana.”

A Natu anachonderera mpaka pageti. Ba Ba anangondiuza kuti, “Yohane, maswiti athu.” Ndinalowa n'kunyamula mabokosi onse asanu pamaso pa anthu, limodzi atalitsekula kale.

Tinagona kwa achibale awo, m'mawa n'kuyamba ulendo wobwerera. Titafika ku Katete ba Ba anandiuza kuti ndikhote kumanzere, m'kamsewu kafumbi. Tinaima pa nyumba ina yakale ya khonde lalitali, malata adzimbiri. Inali sitolo yawo, imene anaisiya boma litalamula kuti malonda a kumidzi akhale a eni dziko. Tsopano munali chigayo. Sanatsike. Analoza kazenera kakang'ono kumbali.

“Ndinafika m'chipinda icho ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Agogo ako ndinawaona koyamba tsiku la ukwati, ndipo chithunzi chimene anatumiza kwathu chinali cha mng'ono wawo, poti ndiye anali wokongola. Panyanja ndinasanza milungu itatu. Muno ndinalira chaka chathunthu. Amene ankandipukuta misozi anali azimayi odzagula mchere, ndiwo anandiphunzitsa kulankhula.”

Mina anatembenukira kumbuyo. “Manje Ba, ngati munalila so, nichifukwa chani mufuna na ine nilile?”

“Chifukwa chaka chachiwiri ndinasiya kulira. Anali munthu wabwino. Ndinkaganiza kuti ukwati umayamba choncho kwa aliyense.” Anapukuta m'maso ndi nsonga ya sari. “Ndasankha ndi makalata, ndi nyenyezi, ndi midzi, n'kukupezera wothawa. Wina udzisankhire wekha. Koma udzabwere naye kwa ine ndidzamuone, ndipo usandidikiritse mpaka ndife.”

Mina anatsika kutsogolo n'kukakhala kumbuyo ndi agogo ake. Mpaka ku Lusaka mpando wa pambali panga unali wa maswiti.

Ku Kabulonga a Ramani anatidikira pageti. Anandiyang'ana ine poyamba, monga mwa mabwana, kuti vuto likhale la dalaivala.

“Galimoto yayenda bwino,” anatero ba Ba akutsika. “Yohane ndi dalaivala. Mnyamatayo sanandikomere.”

“Mwamuona?”

“Ndamuona mokwanira.”

Patangotha mlungu, nkhani inaphulika kuti mwana wa a Natu wakwatira namwino wa ku Chelstone. Atate ake anamutsekera chitseko zaka ziwiri, mpaka kubadwa kwa mdzukulu. Ku Kabulonga kunayamba kubwera azimayi achimwenye ochokera ku Kamwala ndi ku Woodlands, kudzaona nkhalamba imene inanunkhiza chinyengo mnyamata palibe. Ena ankabwera ndi zithunzi za akamwini kuti awaonere. Ba Ba ankalandira ulemu wonsewo osaphethira.

Mina anawadikiritsa zaka zisanu. Amene anabwera naye anali mphunzitsi wa sekondale wochokera kum'mwera kwa India, wakuda kuposa ine, Mkhristu, wa chilankhulo chimene m'nyumbamo munalibe wochimva. Amayi ake a Mina anadzitsekera m'chipinda masiku awiri. A Ramani anasiya kudya. Ba Ba anamukhazika mnyamatayo pakhonde n'kumufunsa mafunso tsiku lonse, kenaka anati ali ndi vuto limodzi lokha: alibe wachibale m'dziko muno womuimira.

“Yohane, ukhala nkhoswe wake.”

Ine unkhoswe ndimaudziwa wa kwathu. Pa tsiku lokambirana ndinavala jekete la ku tchalitchi, n'kufika pageti la ku Kabulonga nditakolekera tambala wamkulu wofiira m'khwapa, monga mwa mwambo. Alendo onse ovala silika anangoti kakasi. M'nyumba imeneyo munali musanalowepo nyama chimangidwire.

“Ameneyo ndi wa chiyani?” anafunsa ba Ba.

“Wa unkhoswe, ba Ba. Timapha, ankhoswe a mbali zonse n'kudya, ukwati n'kulimba.”

Anaganiza pang'ono. “Mwambo ndi mwambo, tamulandira. Koma pano safa munthu. Mumasule.”

Tambalayo anakhala pabwalo la a Ramani zaka zisanu ndi chimodzi, akudya mpunga ndi mphodza, akudzutsa nduna za boma ndi akazembe a mayiko ena folo koloko m'mawa. Oyandikana nawo analemba makalata odandaula, ba Ba n'kumayankha kuti ndi wachibale. Anafa ndi ukalamba, atanenepa moti sankathanso kukwera pa mpanda, ndipo ine nkhoswe ndi amene anandituma kukamukumbira dzenje.